Mlatho Wodikira a DC

Mpaka lero ndikaona chingwe chotseka njira, mtima umandiwira.

Zinali zaka za m'ma 1970, akazi anga Abiti Juma ali ndi pakati, mvula ili pafupi. Pakati pa mudzi wathu ndi chipatala cha ku Namitambo pali kamtsinje kamene kakadzaza sikaona nkhope. Ndinavala jekete (yobwereka, manja ake olekeza m'zigongono), n'kupalasa njinga kupita ku boma ku Chiradzulu kukapempha mlatho.

Ndinathera pakhonde. Mesenjala anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Mwadzera kwa mfumu yaikulu?"

"Ayi bwana, koma nkhaniyi ndi yachangu."

"Achimwene, kuno sikumsika. Bwererani."

Mfumu yaikulu inandibweza kwa a gulupu, a gulupu kwa a nyakwawa, ndipo a nyakwawa, omwe timagawana fodya kudimba, anandilipiritsa nkhuku chifukwa chowalumpha. Nkhani itayamba kukwera bwinobwino, kunadziwika kuti tsidya linalo ndi la gulupu wina. Ati ndikayambirenso pansi kumeneko. Kamlatho kamodzi!

Ndinapsa mtima. Ndinaitana alamu anga, tinadula bulugama, tinayala, n'kuthira dothi pamwamba.

Apo ndiye akuluakulu onse anadzuka. A khansala a dera lathu, omwe nkhope yawo ndinali nditaiwala, anafika n'kulengeza kuti ichi ndi chitukuko chodzithandiza, khonsolo yakondwa, ndipo a DC adzatsegula okha. Anamanga chingwe kuti munthu asadutse lisanafike tsikulo. Anthu ankapinda zovala n'kumawoloka m'madzi, mlatho ukuwayang'ana. Mlonda wa chingwecho (manyazi bwanji!) ndinali ine ndemwe, poti anandilonjeza kuti adzanditchula dzina pamsonkhano.

Mmawa wina, mvula itagwa yamphamvu, matenda a uchembere anawayamba Abiti Juma. Tinafika nawo pamtsinje ine ndi apongozi, madzi ali thothotho, ndipo ine ndinaima pachingwe.

"Mayi, dikirani pang'ono ndithamange ndikawauze a khansala."

"Bambo, kodi mimbayi ndi ya khonsolo?" anakuwa Abiti Juma. "Chokani apo!"

Anazula chikhomo ndi chingwe chomwe, n'kuponya m'madzi, nawoloka atatsamira mayi awo. Ine ndinatsatira pambuyo, nditanyamula kamtolo ka nsalu. Mwana anabadwira kuchipatala, wamkazi, wathanzi.

A DC sanabwere konse. Chimene chimandipweteka n'chakuti malowo aliyense, ngakhale a gulupu onse awiri, amawatchula kuti pa Abiti Juma. Ine amene ndinasupuka mapewa ndi mitengo ija ndimangodziwika kuti "aja ankalondera chingwe aja."