Kwa Pulofesa Wotchulidwa Ka 6,340

Kwa Bwana Pulofesa,
Mkulu wa Nthambi Yowotcha Khansa ndi Cheza,
Chitseko Chachitatu Kumanja, Chija Chimakhala Chotseka.

Olemekezeka Bwana,

Ndikanayamba ndi kugwada, koma mawondo anga anapuma pantchito chaka chimodzi ndi mwini wake. Ine ndine mayi wokalamba amene ndinaphunzitsa masamu zaka 34, ndipo matenda owerengera chilichonse sanandichoke. Ndimaperekeza mng'ono wanga, telala, amene anamuchotsa bere lamanzere chifukwa cha khansa. Tsopano akudikira kuti makina anu a cheza awotche zotsalira. Simutidziwa, ndipo si mlandu wanu. Ife ndi aja timakhala pabenchi yaitali yapakhonde, pansi pa chikwangwani chanu.

Chikwangwanicho ndicho chandigwiritsa cholembera. Chili m'galasi, ndipo chimanena kuti mwalemba mapepala a kafukufuku 212, kuti mwatchulidwa m'mapepala a akatswiri ka 6,340, ndi kuti nambala yanu ya h ndi 41. Anzanga apabenchi ankayesa kuti 41 ndi saizi ya nsapato zanu. Ndinawamasulira kuti muli ndi mapepala 41 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 41. Adalaivala, bambo amene ankayendetsa basi chotupa chisanawamere pakhosi, anakumverani chisoni kwambiri. Anati munthu wotchulidwatchulidwa chotere sangamalize chakudya osatsamwa.

Munthu wophunzira satamanda chinthu asanachiwerenge. Choncho masana alionse, akatiuza kuti tibwerenso mawa, ndakhala ndikupita kulaibulale ya sukulu ya madokotala. Mitu yonse 212 ndaiona, ndipo mapepala 60 ndawawerenga mpaka kumapeto. Mundilole ndikuthokozeni mwadongosolo.

1. Zikomo chifukwa chosadalira anthu ena. Mwa maulendo 6,340 amene mwatchulidwa, 1,918 wokutchulani ndinu nomwe. Akuluakulu amati chala sichiloza mwini, koma chanu chinaphunzira kupindika. Pa pepala lina munadzitchula ka 27, ndipo maulendo onse 27 munagwirizana ndi inu mwini. Ndikanadziwa njira imeneyi kale, bwenzi ana anga asukulu akudzichongera okha mayeso, ndipo palibe akanalephera.

2. Zikomo chifukwa cha mtima wogawana. Mutu umodzi susenza denga, n'zoona, koma sindinkadziwa kuti denga la masamba anayi limafuna mitu 23. Ndinagawa: mlembi aliyense amapeza mizere isanu ndi iwiri. Dzina lanu limakhala kumapeto nthawi zonse, ngati mwininyumba wotseka chitseko. Dzina loyamba nthawi zambiri ndi la dokotala wamng'ono uja wa maso ofiira, amene amadutsa pakhonde mothamanga atapanira mafayilo m'khwapa. Tsiku lina ndinamugwira mkono n'kumufunsa ngati sangasaine iye dongosolo la chithandizo cha mng'ono wanga, popeza analikonza ndi iye. Anandiyankha mwaulemu kuti amaloledwa kulemba mapepala anu, koma kusaina fayilo ya wodwala n'kwa inu nokha. Ndinachita chidwi ndi kagawidwe ka ntchito kameneka.

3. Zikomo koposa chifukwa cha pepala lanu lotchuka kuposa onse, limene latchulidwa ka 904. Ndi lonena za kuipa kochedwetsa cheza. Munalemba momveka bwino kuti wodwala akachitidwa opaleshoni asapitirire masabata asanu ndi atatu asanayambe kuwotchedwa, pakuti khansa siidikira munthu. Ndinaliwerenga kawiri, kachiwiri nditavula magalasi n'kuwapukuta. Mng'ono wanga ali m'sabata ya 15. Mlembi wa muofesi yanu anandiuza kuti muli kunja kwa dziko, kumsonkhano, kumene mukulankhula za pepala lomweli, ndi kuti anthu anakuomberani m'manja ataimirira. Ifenso tikanaimirira, kungoti ukaimirira pabenchi pano malo amapita. Mulimonse, lero ndalitchula ine, choncho muuze wina akonze: ndi 905.

4. Ndikupepeseni pa zimene zinakugwerani. M'pepala lanu la chaka chatha munalemba kuti mwa odwala 410 amene munkawatsatira, 58 anasowa. Kutaya anthu 58 si masewera. Ine ndinataya mwana mmodzi wasukulu pa ulendo wokaona malo, kwa mphindi zochepa chabe, koma mpaka lero ndimalota. Mayina a osowawo sindikuwadziwa, chifukwa m'mapepala anu odwala alibe mayina. Koma ngati mukuwafunabe, yambani ndi pabenchi. Adalaivala akuti iwo akuganiza kuti ali m'gulu la osowalo, ndipo akupempha kuti amene awapeze awadziwitse. Akuti m'zaka zonse zimene anayendetsa basi sanasiyepo munthu pasiteji n'kukanena kuofesi kuti wasowa.

5. Tsopano za inki. Masabata asanu ndi awiri apitawo anamugoneka mng'ono wanga pamakina ojambula, n'kumulemba timitanda titatu pachifuwa ndi m'nthiti, kuti cheza chidzadziwe polowera. Anamata timapulasitala toonekera pamwamba, n'kumulamula kuti asatisambe, asatikande, asatifute. Mayi woyendetsa makinawo anamuchenjeza kuti tikafufutika tonse ayambiranso kumchira kwa mzere wojambulitsa. Chiyambire tsiku limenelo mng'ono wanga amasamba ngati mphaka, mozungulira. Amagona chagada usiku wonse. Kukatentha amakhala phee pamthunzi, kuopa thukuta lake lomwe. Kamtanda kamodzi kapita kale, kachiwiri kakuoneka ukapendeketsa mutu, kachitatu kokha n'komwe kakulimbikira.

Iye sadandaula ngati ine, amaseka. Akuti pa moyo wake wonse wautelala sanalembepo choko pansalu ya munthu n'kuisiya masabata asanu ndi awiri osaidula, chifukwa mwini wake akanabwera n'kumulanda makina osokera. Akutinso ndisamavutike n'kupita kulaibulale, pakuti pepala lanu la 213 ndi iyeyo: lolembedwa bwino, koma losawerengedwa. Tsiku lina ndinatenga cholembera changa chofiira kuti ndidutsitsemo pa kamtanda kofufutikako. Anandimenya padzanja, nati: “Aphunzitsi, musachonge ntchito ya Pulofesa.” Tinaseka. Kenako anatenga dzanja lomwelo n'kuliika m'khwapa mwake, kuti ndimve kanthu kolimba ngati nyemba kamene kunalibe mwezi watha. Pamenepo sitinaseke.

6. Chomaliza ndi nkhani ya mawu, ndipo mundikhululukire umbuli. Kwa inu, kutchulidwa ndi pamene katswiri wa kutsidya kwa nyanja waika dzina lanu kumapeto kwa pepala lake. Kwa ife apabenchi, kutchulidwa ndi pamene namwino watuluka m'mawa ndi mafayilo osainidwa, n'kuyamba kuitana mayina. Pamenepo pakhonde pamakhala zii. Wotchulidwa amanyamuka ngati wapambana mayeso, otsala timamuuza kuti apite bwino, kwinaku tikusendera pamalo pake. Mng'ono wanga watchulidwa kawiri. Koyamba linali tsiku la timitanda. Kachiwiri anamuitana kuti asaine pepala lovomera kuti zamatenda ake zilowe m'kafukufuku wanu. Anasaina pomwepo, ataimirira, pepalalo atalitsamiritsa kukhoma, ndipo anathokoza. Mwa kawerengedwe kanu, h yake ndi 1, ndipo singakwere, chifukwa dzina ali nalo limodzi lokha.

Musaganize kuti ndikunyoza maphunziro, Bwana. Ine ndinadya choko zaka 34, ndipo ndikudziwa kuti popanda anthu olemba ngati inu, makinawo akanakhala chitsulo chabe. Ndi inu amene mwandiphunzitsa kuopa. Ndisanawerenge pepala lanu ndinkadikira mwamtendere ngati anzanga, ndikumati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsopano ndikudziwa mtengo wa sabata iliyonse, chifukwa munaujambula bwino pa tsamba lachitatu, ndi mzere wotsetsereka. Palibe mwa anthu 904 aja amene anakukhulupirirani kuposa ine.

Ndiye pempho langa ndi laling'ono, ndipo ndikuchita nalo manyazi pamaso pa munthu wa mapepala 212. Pa tebulo la mlembi wanu pali mulu wa mafayilo. Chitseko chikatseguka ndimauona. Fayilo ya mng'ono wanga ndi yobiriwira, yong'ambika pakona, yachisanu ndi chinayi kuchokera pamwamba. Ya Adalaivala ili pansi penipeni, yapsinjika. Mkati mwa iliyonse muli tsamba lokhala ndi mzere wopanda kanthu. Ndikupempha kuti mukatsika ndege, musananyamukenso, mulembepo pepala limodzi, lalifupi kuposa onse amene munalembapo: mawu awiri, mlembi mmodzi, dzina lanu lomwe lija mumalikonda kulitchula. Ndikulonjeza kuti ndidzalitchula kumsika, m'basi ndi kutchalitchi, mpaka lidzapose la 904 lija.

Koma ngati nthawi siilola, ndimvetsa, pakuti mlendo ndi mame, ngakhale mlendo wa muofesi yake yomwe. Pamenepo ndingopempha chimodzi. Mukamadzalemba pepala lotsatira, mudzafika pa mzere uja wowerengera odwala, ndipo mng'ono wanga adzakhalamo, popeza iye anasaina. Chonde musadzalembe kuti anasowa. Ndinali naye tsiku lililonse, pansi pa chikwangwani chanu, ali chikhalire mosamala kuti inki yanu isafufutike. Mudzalembe kuti anadikira.

Ine wokuwerengani mokhulupirika kuposa onse,

Mphunzitsi wa masamu wopuma,
Malo achinayi pabenchi, pafupi ndi mayi wa timitanda tiwiri.