Basela la Pakhosi

Mpaka lero ndikamadutsa ku Chirunga ndimakweza kolala ya malaya. Musavutike kufunsa, ndinena ndekha.

Ine ndimagulitsa nsapato za kaunjika mumsika wa Zomba, ndipo matenda anga ndi amodzi: sindichoka pamalo popanda basela. (Ngakhale kuchipatala ndimafunsa ngati sangaponyerepo kapiritsi kena.)

Tsiku lina kunabwera mtsikana wa ku yunivesite ya ku Chirunga, akufuna anthu oti akawayeze khungu. Akuti ali ndi kamakina koyamwa khungu kenako n'kulisiya, iwo n'kumaona pakompyuta kuti labwerera msanga bwanji. Lamphamvu limabwerera pompo, lotopa limayamba laganiza. Zaulere! Ndinapita ndi Che Jafali, mdala wogulitsa mapichesi pamsewu wa kuphiri, woti anandiona ndikukwawa.

Anayamba iwo, pamkono. Khungu linangoti tutumu, nthawi yomweyo labwerera. Langa? Kunyamuka linanyamuka bwino, koma pobwerera linkachita ngati minibasi yodikira anthu.

"Achimwene," anatero Che Jafali, "khunguli munalipeza m'belo limodzi ndi nsapato?"

Magazi a malonda anawira. "Asisi, apa pamawomba dzuwa, yesani paphewa." Anayesa. Chimodzimodzi.

"Ndiye ikani basela pakhosi, katundu weniweni ali pamenepo. Muwonjezereko mphamvu."

"Bambo, pakhosi patsala chizindikiro."

"Khosi ndi langa. Uku ndi uku!"

Ndinafika kunyumba ku Zakazaka nditaiwala zonse. Mayi a Tadala, akazi anga, anandichingamira pakhomo. Maso anali pakhosi, pomwe panali timadontho tiwiri tobulungira, takuda bii, ngati pagwira milomo ya munthu.

"Wakuyamwani ndani?"

"Makina."

"Makinawo kwawo n'kuti?"

"Ndi a mtsikana wina wa ku Chirunga..." (Abale, pakamwa pomwe pamandidyetsa mumsika ndi pomwe panandigulitsa tsiku limenelo.)

Anayamba kumanga mapoto m'chitenje, ulendo wa kwawo ku Jali. Ndinanenerera ukwati wanga kuposa momwe ndinanenererapo nsapato iliyonse, mpaka anavomera kukaona okha.

M'mawa mwake tinapita, iwo patsogolo, ine pambuyo ngati mbuzi yopita kumsika. Mtsikana uja anawayeza pamkono, mphamvu yomwe ija. Kadontho kanatuluka. Ndipo khungu lawo linabwerera msanga kuposa la Che Jafali.

Mayi a Tadala anayang'ana mkono, anayang'ana ine. Kenako ananditsina tsaya, n'kulisiya, n'kuima kumalidikira.

"Zoona, likuchedwadi," anatero. "Pepani bambo a Tadala, ndinakuganizirani pachabe. Palibe mtsikana angavutike ndi zimenezi."

Ukwati unapulumuka choncho, pamtengo wogwetsa.

Mwina mukuti ndinaphunzira. Tili pakhomo potuluka ndinatembenuka: "Asisi, ndakubweretseranitu kasitomala, palibe kangachepe?"

Mayi a Tadala anandikoka khutu mpaka pamsewu. Nalonso linachedwa kubwerera.