Kugogoda kwa Pamphambano ya Magomero

Mu Julaye chaka chatha ndinasinthitsa majointi a ekiselo ya kumbuyo kwa galimoto yanga kawiri, onsewo ali bwinobwino. Anthu kumudzi amati kanayi. Ine sindikonda kukokomeza, manyazi a kawiriwo ndi okwanira.

Ndine mkamwini. Pamudzi pa akazi anga ndilibe munda, ndilibenso mawu pa milandu. Ulemu wanga wonse uli m'galimoto yakaleyo. Choncho akazi anga atandipempha kuti Lachiwiri lililonse ndiziperekeza mayi awo kukagulitsa mbatata ku Namadzi, ndinavomera msanga.

Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi salankhulana, sayang'anananso. Iwo ankakhala mpando wakumbuyo atafunda chitenje, ine n'kupendeketsa galasi kuti maso athu asakumane.

Ulendo woyamba, tikuyandikira mphambano yolowera ku Magomero, ndinamva kumbuyo: go, go, go. Ndinali nditawerenga m'buku la galimotoyo kuti jointi yakutha imalira kwambiri ukaponda mafuta. Ndinaponda. Phokoso linakuladi, kenako n'kuleka. Pobwerera linamvekanso pamalo omwewo. Ndinakhutira kuti buku silinama.

Makaniko wanga wa ku Namadzi, a Saidi, anakwawira pansi n'kugwedeza zitsulo. Anati sakuona vuto, koma poti galimoto ndi yakale, chilichonse n'chotheka. Tinasintha mbali zonse ziwiri, n'kupanga test drive. Kunali zii.

Lachiwiri lotsatira, pamphambano pomwepo: go, go, go.

"Imalira ikanyamula katundu?" anafunsa a Saidi.

"Ikanyamula apongozi."

"Ndi onenepa?"

"Ayi, ndi ochepa thupi."

A Saidi anavula kapu n'kukanda mutu. Tinalonga matumba a chimanga kumbuyo, n'kudutsa pamphambanopo uku ndi uku, koma galimoto sinatsokomole n'komwe. Mapeto ake tinagwirizana kuti majointi amene ndinagula ku Limbe ndi a feki, ndipo za feki zimalira nthawi imene zafuna. Tinasinthanso.

Ulendo wachitatu kugogodako kunali kwaukali, moti ndinaima. Ndinatuluka, n'kugwada, n'kusuzumira pansi. Ndili chomwecho ndinamva chitseko chakumbuyo chikutseguka. Ndinadziwa kuti apongozi achita mantha, akufuna kuthawa galimoto yanga pamaso pa anthu a kabaza amene anali pamthunzi. Ndinathamanga, n'kuchikankha chitsekocho mwaulemu, maso ali kumbali. Kenako ndinalankhula moyang'ana munda wa nandolo: "Anthu asade nkhawa, tifika."

Ndipo tinafikadi.

Loweruka lake ndinaitanidwa kwa amalume a akazi anga, amene ndi ankhoswe athu. Uthenga unangoti nkhani yake ndi ya galimoto. Ndinanyamula majointi ochotsedwa aja m'thumba kuti aone kuti sindinangokhala.

Apongozi anakhala kuseri kwa nkhokwe, akazi anga pambali pawo. Amalume anandifunsa ngati ndimamva kugogoda tikafika pa Magomero. Ndinati ndimamva bwino lomwe. Anafunsa chimene ndimachita ndikamva.

"Ndimaponda mafuta, amalume."

"Dala?"

"Dala. Kuti ndimve ngati kukule."

"Ndiye kumakula?"

"Kwambiri."

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka mawu a Chilomwe amene sindinawamve, koma akazi anga anagwira pakamwa. Poona kuti zinthu sizili bwino, ndinakhuthula thumba. Zitsulo zinagubuduka pamphasa, girisi paliponse. Ndinafotokoza kuti vutolo ndalimbana nalo kawiri ndipo ndikulonjeza kulithetseratu, ngakhale kutakhala kuchotsa zonse zakumbuyoko.

Amalume anatuma akazi anga kuti abweretse ndodo ya mayi awo. Amalumewo anaigwira n'kumenya pansi pa mpando wawo: go, go, go.

Anafotokoza pang'onopang'ono. Mng'ono wa apongozi amakhala pafupi ndi mphambanoyo ndipo anali atathyoka mwendo. Apongozi ankafuna kutsika kuti amuzonde. Kuitana mkamwini sangathe, ndiye ankachita zimene aliyense amachita pa matola akafuna kutsika. Ataona kuti ndikuwonjezera liwiro, anaganiza kuti ndi mwano, koma anapirira osauza mwana wawo. Chimene chinawabweretsa kwa ankhoswe ndi chitseko chija.

Ndinapepesa moyang'ana nkhokwe. Yankho linadzera mwa amalume.

"Akuti akhululuka. Koma ati ngati iwo akagogoda inu mumachotsa chitsulo, safuna kuona chimene mudzachotse tsiku limene adzatsokomole."

Musanakwawire pansi pa galimoto, yambani mwaganizira amene wakhala pamwamba pake.

Mwendo wa mng'ono wawo unapola. Galimoto ikuyenda mwakachetechete. Apongozi amapita ku Namadzi pa kabaza.