Impso ndi Yothyoka Pakona

Lolemba

Ndili kwathu ku Milange. Amayi akudziwa kuti ndabwera ku tchuthi. Zoona zake zili m'kope lino lokha: ndalephera mayeso a mikorosikopiyo, makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Ndapeza 5 pa 20. Ndikubwereza Lolemba likudzali. Ndikalepheranso, chaka chonse chapita m'madzi, anzanga azikavala zoyera kuchipatala ine ndili pa benchi limodzi ndi obwera kumene.

Mayeso ake ndi otere. Aphunzitsi amaika kagalasi pa makina. Pa kagalasipo pali kachidutswa ka thupi la munthu, kopyapyala kuposa khoko la anyezi, kopakidwa utoto. Iwe umasuzumira n'kunena kuti mnofu uwu ndi wa chiwalo chiti. Kagalasiko timati lamina.

Ine ndinali ndi njira yanga, ndipo yandidyetsa bwino teremu yonse. M'bokosi la kusukulu muli malamina asanu ndi atatu, okalamba kuposa ine:

- yothyoka pakona: impso
- ya kathovu pakati: mapapo
- ya pepala lachikasu: chiwindi
- yokandika kawiri: mtima
- yomata ndi tepi: fupa
- yokhala ndi chidindo cha chala cha munthu wina: khungu
- yaifupi: mafuta
- yotsalayo: ubongo

Tsiku la mayeso aphunzitsi anatulukira ndi bokosi latsopano. Malamina onse osalala, ofanana ngati mazira. Ndinasuzumira, ndinaona pinki ndi pepo basi. Pa mafuta ndinalemba ubongo.

Andibwereka bokosi lakale lija. "Kaphunzire zoona tsopano. Ulibweze lathunthu."

Dongosolo langa: a Tiya Lurdesi, mnzawo wa amayi wa kumpingo, amayeza magazi pa kachipatala ka kumtunda kuno. Masana akamapuma makina amakhala chabe. Malamina awiri patsiku, Lachisanu kumaliza, Loweruka kupumula ngati munthu wanzeru. Ndawapempha kuti asauze amayi. Akuti ndibwere mawa.

Lachiwiri

Ndafika msanga, ndavala gawuni langa loyera. Anthu a pa mzere akundipatukira. Agogo ena andiwombera m'manja.

Ndasintha dongosolo, ndiyambe ndadziyesa pa onse asanu ndi atatu. Ndikutenga lamina, ndikuika, ndikusuzumira, ndikutchula. Impso. Mtima. Fupa. Zikungotuluka zokha, mawu anga akumveka ngati a pa wailesi. Zonse ndakhoza! A Tiya aleka kumwa tiyi wawo.

"Epa, ndiye unashumbara bwanji iwe, kulephera mayeso ukudziwa chonchi?"

Ndikuti mwina mantha, mwina aphunzitsi ndi ankhanza. Ndikutenganso ina kuti ndiwaonetse, ndikuika diso, ndikuti mapapo.

"Mwanawe, nyali ya makinawo sindinayatse."

Ndi zoona. M'katimo muli mdima wokhawokha, ndipo wakhala ulimo kuyambira pa impso. Zala zanga zikumadziwa lamina isanafike n'komwe pa makina, ndipo ine sindinazindikire kuti sindikuona kanthu.

Ndawafotokozera zonse, za kona, za tepi, za chala cha munthu uja. Sanaseke. Bola akanaseka. Angoti kuyambira mawa lamina aziika okha, ine ndizikhala nditayang'ana kukhoma mpaka atanena kuti tembenuka.

Potuluka agogo aja andipempha kuti ndiwaone bondo. Ndawauza kuti azimwa madzi ambiri.

Lachitatu

Khoma la a Tiya ndikulidziwa bwino tsopano. Pali chithunzi cha kasambidwe ka m'manja, msomali, ndi nyerere zopita kudenga.

Zotsatira: chimodzi pa zisanu ndi zitatu. Chimodzicho ndachipeza chifukwa ndanena kuti chiwindi kasanu ndi katatu.

Zomwe ndaona lero ndi maso anga:

- pinki
- pepo
- pinki wokhala ndi madontho a pepo
- mizere yakuda, yaitali, yogwedezeka

Mizereyo ndaifotokoza mwaluso kwa mphindi zingapo. Ndati ndi mitsempha yonyamula uthenga, ndipo ikuoneka kuti idakali yamoyo. A Tiya akuti ndi nsidze zanga, ndichotseko diso pang'ono.

Akuyesa kundithandiza. Akuti mnofu wa munthu uli m'mabanja anayi: wokuta, womanga zinthu pamodzi, wokoka, ndi wonyamula uthenga. Uyambe wafunsa banja, dzina lizibwera pambuyo. Zimenezi ndikuzidziwa, ndinaziloweza pamtima m'Chipwitikizi chabwino, ndingathe kuzilakatula ngakhale ndili m'tulo. Koma ndikaika diso, mabanja onse anayi avala nsalu imodzi ngati pa ukwati.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," akutero a Tiya. Ine ndili ndi masiku anayi, nkhono ili ndi moyo wonse.

Kunyumba amayi akusangalala. Auza msika wonse kuti mwana wawo ngakhale pa tchuthi akuthandiza kuchipatala. Andipatsa ntchafu ya nkhuku, yomwe kwathu kuno imapita kwa alendo. Ndadya.

Lachinayi

Tsiku loipa.

Ndili kukhoma, ndikuwerenga nyerere, ndikumva kuti odi. Amayi. Avala yunifolomu ya amayi a mpingo, adzera a Tiya kuti apitire limodzi ku mapemphero a Lachinayi. Ndatembenuka msanga, ndati ndimayang'ana ngati chithunzicho chili ndi zolakwika.

Akufuna kuona ntchito ya mwana wawo. A Tiya, omwe ndimawayesa munthu wachifundo, akuti khalani apa mana, mchemwali wanga, muone nokha.

Amayi amagulitsa zitenje pa msika, kuno timati makapulana. Sukulu anailekezera sitandade 3, ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Akhala pa mpando, atsinzina diso limodzi, a Tiya akuwaikira lamina imodziimodzi n'kumawauza dzina. Iwo akuyankha ngati akusankha katundu pa belo:

"Mafutawa ndi waya wa khola la nkhuku."

"Fupa ndi chitsa chodula ndi sowo."

"Chiwindi ndi tinjira topita pa mjigo, tonse tikukumana pakati."

"Impso ndi tomato wamwazika pa mphasa."

Kenako a Tiya asakaniza, akuika osatchula. Amayi apeza zisanu ndi chimodzi. Zisanu ndi chimodzi, pa ulendo woyamba! Asokoneza mapapo ndi mafuta, ndipo adzikonza okha: akuti waya wa mapapo ndi wong'ambika, wa mafuta ndi wabwinobwino.

Ine ndaima kumbuyo kwawo manja kumsana, ndikugwedeza mutu ngati aphunzitsi okhutira. Pa fupa andifunsa ngati akhoza. Ndayang'ana msanga ngati pali tepi, ndati eya.

"Tiyeni tizipita, tisawatayitse nthawi adotolo. Iwo izi ndi masewera," akutero amayi.

Atuluka awiriwo, maambulera m'manja, akuyenda pang'onopang'ono mitu ili pamodzi. Sindinakonde mmene mituyo inayandikirana. Ndachita manyazi mpaka ndavula gawuni, ndalipinda, ndabwerera kunyumba ndi malaya wamba kudzera njira ya kuseri kwa chigayo.

Lachisanu

Ndaba nzeru za amayi. Ndalemba m'kope: waya, chitsa, mjigo, tomato. Zina ndawonjezera ndekha: khungu ndi mabulangete oyala pamwambamwamba, lapamwamba likuthothoka. Mtima ndi nzimbe zokhala ndi mphanda. Ubongo sindinaupezere kanthu, ukungooneka ngati phala lomwe mwagwera tizilombo.

Ndatembenuka kuchoka kukhoma, ndaika diso, ndadekha. Ndipo kwa nthawi yoyamba chilowereni sukulu imeneyi ndaona chinthu. Chitsa. Mizere yozungulira, kabowo pakati. Ndati fupa. A Tiya akuti eya.

Waya wabwinobwino, mafuta. Eya. Tomato, impso. Eya. Mabulangete, khungu. Eya. Zinayi zotsatizana, zonse ndi diso langa.

Apa m'pamene mutu wakula. Lamina yachisanu ndaona tinjira, ndafuna ndiuonetsetse mjigowo pafupi. Ndatembenuzira ku diso lalikulu la makina, ndapotokola chogwirira mwamphamvu ngati ndikutsegula mpopi. Ndapotokolera kolakwika.

Phokoso lake ndi laling'ono, ngati munthu waluma mtedza.

Chiwindi chili pawiri. A Tiya andikankha, ayang'ana kaye makina awo, awapukuta, ayesa ndi lamina yawo ya magazi. Makina ali bwino, apo ayi anthu a malungo akanandidziwa dzina. Atola zidutswa ziwirizo ndi kapepala, andipatsa m'manja.

"Pronto. Chiwindi sudzachisokonezanso, chili ndi chizindikiro chachikulu kuposa zonse."

Ndikuganiza za aphunzitsi ndi mawu awo akuti lathunthu. Ndayesa kulumikiza zidutswazo pa tebulo. Tinjira tonse tilipo, koma mjigo wapita ndi mng'alu.

Loweruka

Pa dongosolo langa lero ndi tsiku lopumula ngati munthu wanzeru. A Tiya sakutsegula, ndipo sindikukhulupirira kuti akanandilola kukhudzanso makina.

Amayi akuti ndikawathandize ku msika, Loweruka kumadzaza anthu a ku Muloza. Ndanyamula belo pa njinga. Ntchito yanga ndi kupinda zomwe ogula afunyulula n'kusiya.

Amayi pa malonda ndi munthu wina. Ndi uyu Chinyanja, ndi uyo Chilomwe, wa tayi akabwera Chipwitikizi. Aliyense akumuuza kuti wopinda nsaluyo ndi dotolo. Mayi wina wandionetsa lilime la mwana wake pakati pa msika.

Masana kwabwera mnyamata wa katundu wa pikulitsa, akuti nsalu zake ndi zenizeni, taonani dzina m'mphepetemu. Amayi sanayang'ane n'komwe dzinalo. Aitambasula, ayang'ana pakati, aitembenuza kuseri, aiunika ku dzuwa, amubwezera. Atachoka akundiuza, maso ali pa ndalama za chenji:

"Wogula wopusa amawerenga m'mphepete. M'mphepete aliyense angathe kulembamo. Nsalu ili pakati."

Apa ndiye panali ponenera. Ndatsegula pakamwa, ndati amayi. Akuti ee. Ndati chitenje chobiriwirachi chipite pati. Akuti pamwamba.

Manyazi anapha lambe, ndipo ine ndikumumvetsa lambeyo.

Madzulo ndajambula malamina onse m'kope kuchokera m'mutu. Asanu akuoneka ngati zinthu. Mtima ndi ubongo zikufanana. Amayi adutsa ndi ndowa, asuzumira, akuti mapapo anga ndi osang'ambika mokwanira.

Lamulungu

Ku tchalitchi. Shapa, minibasi ya ku Mocuba komwe kuli sukulu yanga, inyamuka tikangoweruka, chikwama ndabwera nacho, bokosi lili m'kati. Ndaganiza kuti amayi ndidzawauza zonse zikadzatha, mwina ndikadzakwatira.

Nthawi ya zopempherera. Wina mwana akudwala, wina mbuzi zasowa, wina mwamuna ali ku Joni sakuimba foni. Amayi aimirira. Akonza mpango.

"Abale, mundipempherere mwana wanga uyu wakhala apayu. Analephera mayeso a makina, mawa akubwereza. Waswanso chiwindi cha sukulu."

Mpingo wonse watembenuka. Agogo a bondo aja ali pa benchi lachiwiri. Mayi wa lilime la mwana ali kumbuyo kwanga. Abusa sanamvetse za chiwindizo, koma apemphera ndithu, motalika, kuti Ambuye achiritse chiwindi cha mnyamatayu. Anthu ati amen mwamphamvu. Ine ndayang'ana pansi, simenti ya tchalitchi chathu ili ndi ming'alu khumi ndi iwiri pakati pa mapazi anga ndi guwa.

Panja a Tiya sakupepesa. Akuti anasunga chinsinsi masiku atatu athunthu, koma amayi anawafunsa Lachinayi, ndipo munthu sunganame utavala yunifolomu ya mpingo.

Ndiye kuti dzulo pa msika amayi ankadziwa. Pomwe ankauza anthu kuti ndine dotolo ankadziwa.

Amayi andiperekeza pa siteji. Andigulira nthochi, akangana ndi kondakitala kuti ndikhale kutsogolo chifukwa ndanyamula magalasi. Shapa italiza injini agogoda pa windo.

"Ukayambe wawauza aphunzitsi za chiwindicho, asanatsegule bokosi okha. Ukakhoza undiimbire. Ukalephera undiimbirenso, iweyo, ndi pakamwa pako. Ine ndinakutumiza ku sukulu, sindinakutumize kokandibisira."

Ndati chabwino amayi.

Tadutsa mlatho, fumbi likulowa. Zomwe ndili nazo popita ku mayeso: malamina asanu amene ndingawadziwe ndi diso, awiri a mwayi, imodzi ili m'kapepala. Kuti ndikhoze pakufunika theka. Mwina zikwana, mwina ayi. Kaya zikhala bwanji, foni ndiyenera kuimba, ndipo mayunitsi andiikira kale okha.