Zitosi za Nkhuku pa Tsiku Lofunsira Mbeta

Mwana wanga Misozi anandikhululukira kale, koma nkhani ya mandimu safuna kuti izitchulidwa pali anthu.

Kamtengo ka mandimuko ndinachoka nako ku Katete titaika maliro a amayi. Kanamera kokha pansi pa mtengo wawo waukulu, ndiye ndinakazula n'kudzakadzala m'chidebe cha penti pakhonde pathu ku Chelstone. Kanakula bwino mpaka kundifika m'chiuno. Chisanu cha mu Juni chitayamba, masamba anayamba kupindika. Ndinachita mantha (mtengo wa amayi, anthu inu), choncho ndinakalowetsa pabalaza pafupi ndi windo. Mkazi wanga anadandaula kuti nyumba si dimba, koma anangondisiya.

Masamba atayamba chikasu, mnzanga wina woweta nkhuku ku Makeni anati kamtengoko kali ndi njala, ndipo anandipatsa thumba la zitosi. Zoti zitosi zimayenera kuwola kaye sanandiuze (kapena ananena, ine maganizo ali kwina). Lachisanu madzulo ndinathira mosaumira, n'kuthirira ndi madzi ofunda. Mawa lake ndi tsiku lomwe akwawo kwa chibwenzi cha Misozi ankabwera kuchokera ku Kabulonga kudzafunsira mbeta.

Kutacha kunali kafungo pang'ono. Mkazi wanga anakolopa paliponse, akuganiza kuti khoswe wafera kuseri kwa kabati. Ine, pofuna kuti alendo asazizidwe, ndinatseka mawindo onse n'kuyatsa hita. Hitayo ndinaiika pambali pa chidebe kuti mtengo nawo upindule.

Alendo anafika, tinalonjerana, tinayamba ndi pemphero. Pofika pa ameni, pabalaza panali ngati m'khola. Amayi ake a mnyamata anatulutsa kampango n'kumanamizira chimfine. Achimwene anga, omwe anali ankhoswe athu, anasuzumira kunsi kwa nsapato zawo, alendo nawonso n'kumayang'ana zawo mobisa. Misozi anagwada pakhomo ndi thileyi ya tiyi, maso ali pa ine. Apa m'pamene ndinazindikira komwe fungo linkachokera, thukuta n'kuyamba kutsika m'chisanu chonsecho.

Amalume a mnyamata, bambo wachikulire wovala suti, anasiya mawu pakati.

"Atate ake a Misozi, nkhuku zanu muzisungila kuti?"

Ndinaloza chidebe chija. Ndinafotokoza zonse, za Katete, za amayi, za chisanu, uku ndikudikira kuti aseke kapena atsanzike. M'malo mwake anaimirira n'kuvula jekete.

"Gwilani uko, tiuchotse. Uzapsa mizu uyu."

Tinanyamula chidebe awiriwiri mpaka kuseri kwa nyumba. Bamboyo anapala zitosi ndi kandodo, ine ndikutsanulira madzi, uku akundiuza kuti nawonso ali ndi mtengo wa mapeyala wa malemu akazi awo, ndipo salola munthu kuudulira nthambi. Za ukwati tinakamalizira pakhonde, aliyense atakumbatira kapu ya tiyi.

Mtengo wa mandimu uja unayoyola masamba onse, koma kutayamba kutentha unaphukiranso. M'nyumba mkazi wanga anauletsa kulowa, ndiye chisanu chikafika ndimaufunditsa bulangete langa lakale. Misozi anakwatiwa bwinobwino. Koma asewere anga akabwera kudzacheza, ngakhale mu Julaye, amaima pakhomo n'kunena mwaulemu kuti tingokhala panja, kuli kamphepo kabwino.