Tsiku limene ndinayanika foni ya malemu padzuwa la ku Dubai

Amene mumandidziwa musakawauze alamu anga nkhaniyi, angaseke mpaka mano otsala aja kugwa. Ine ndinatsala pang'ono kuika mwamuna wanga m'manda kachiwiri, ulendo uno ndi manja angawa.

Bambo a Asiyatu anatisiya zaka zitatu zapitazo. Tsiku logawa katundu wa malemu, abale anakhala pamkeka n'kugawa mwa chilungamo chawo: njinga kwa amalume, jekete kwa mphwawo, foni kwa ine, tchaja kwa alamu. (Ati yawo inali itaduka.) Sindinakangane. Ndinagula ina pamsika, ndipo masiku opepesa maliro atatha ndinabwera nazo kuno ku Dubai kudzagwira ntchito ya m'nyumba ku Oud Metha.

Foniyo ndi yakale, ya kabowo kophwatalala mbali imodzi. Batani loyatsira linathothoka eni ake ali moyo, ndiye ikangozima, kwatha. Zaka zitatu zonsezi sinazimepo. M'kati mwake muli mawu awo, mauthenga asanu ndi awiri amene ankanditumizira. Foni yanga imene inawalandira inabedwa pamaliro pomwepo.

Lachinayi lina m'mawa, makina oyamwa fumbi anameza chingwe cha tchaja n'kuchidula. Batire inali pa makumi awiri.

“Usalire,” anatero madamu, mwini nyumba. “Tenga iliyonse mudilowamo. Masiku ano zonse n'zofanana.”

Anandifotokozera kuti ku Ulaya anaika lamulo loti mafoni atsopano azikhala ndi bowo la mtundu umodzi, taipu si, kuti anthu asamataye zingwe chisawawa, ndipo opanga mafoni anangosintha konsekonse. Lamulo labwino ndithu. Koma amene analemba lamulolo sanafunse akazi amasiye.

M'dilowamo munali zingwe zambiri, zonse za mutu wobulungira. Ndinayesa chakumaso, ndinayesa chotembenuza, osalowa. Kenaka ndinatenga tchaja ya bwana, yokongola kuposa zonse, n'kuiluma kumutu kuti iphwatalale. (Musandifunse. Mantha alibe sukulu, ndipo inenso ndinalekeza Sitandade 4.) Sinalowebe. Ndinaibwezera pansi pa zinzake, mano anga akuonekera bwinobwino.

Batire pa khumi ndi ziwiri.

Apa ndi pamene nzeru zakumudzi zinandifikira. Kwathu mabatire a wailesi akafooka timawayanika padenga, pofika madzulo wailesi yayambanso kulankhula. Ndinati, ngati dzuwa la ku Machinga limatha zimenezi, nanga la kuno losungunula masilipasi? Ndinaigoneka pampanda wa kuseri, ndikudziyamikira, n'kupita kukatsuka mbale.

Pobwerako sinagwirike. Inali ngati simbi. Ndinainyamula ndi nsonga ya chitenje, kuyang'ana: pa zinayi. Ndinakumbukira tsiku lija anatisiya kuchipatala, nesi akuyang'ana pansi. Ndinathamangira m'nyumba, madamu anangondiona nkhope n'kunena kuti, “Yalla, fulumira, pita kumsika wa Naif, kuli chilichonse.”

M'sitima ndinaifungatira ngati khanda, osayerekeza kuidina. Sitolo yoyamba anaseka. Yachiwiri anapukusa mutu. Yachitatu mwini wake anati, “Khalas, mama, zimenezo zinatha. Gula foni yatsopano.” Batire pa ziwiri. Ndinakhala pansi pakhonde la eni ake n'kulankhula mokweza, “Bambo a Asiyatu, pirirani pang'ono, musandisiyenso.”

“Mayi, kwanu n'kuti?”

Anali bambo wa ndevu zaimvi, wovala yunifolomu ya ulonda. Che Yusufu, a ku Ntaja.

“Nanga odwalawo ali kuti?”

“Ali m'chitenjemu.”

Anabwerera m'mbuyo pang'ono. Nditamasula n'kufotokoza, sanaseke. Anangoti, “Tiyeni, thamangani,” n'kundilowetsa m'kanjira kothina mpaka pa kakauntala ka mkulu wina wa ku Pakistan wokonza mafoni. Iyeyo anakoka katoni ya fumbi yodzaza zingwe zopiringizana ngati njoka. Batire pa imodzi. Choyamba chinali chachikulu. Chachiwiri chinalowa koma chinali chakufa. Ine maso tsinzi, ndikungotchula Mulungu. Chachitatu, foni inati twii.

Mkuluyo anafunsa, kudzera mwa Che Yusufu, kuti muli chiyani choliritsa munthu chotere. Atamva kuti ndi mawu a malemu, anaimirira, dzanja pachifuwa. Ogula ena awiri nawonso anaweramitsa mitu. Ndinadina uthenga umene unali pamwamba, ndipo mawu a mwamuna wanga anadzaza kanjira konse:

“Mayi a Asiyatu, mbuzi zija zalowanso m'munda mwa a Shehe. Ine ndabisala. Mukapepese ndinu.”

Mkulu uja anapukuta misozi n'kufunsa kuti malemu akuti chiyani. Che Yusufu, mapewa akugwedezeka, anayankha kuti, “Akuti asamale ana.” Ine ndinaseka ndi kulira nthawi imodzi, mpaka anandipatsa mpando.

Mauthenga onse asanu ndi awiri anawasamutsira m'foni yanga yatsopano imene ndinagula nditafika kuno, ntchito imene sinatenge nthawi yoti tiyi n'kuzizira. Zaka zitatu za mantha, osadziwa kuti zimatheka! Anandiuzanso kuti batire yatupa ndi dzuwa lija, foniyo masiku ake ndi owerengeka, ndingoisiya ipume.

Ndinavomera mwaulemu, n'kugula zingwe zinayi zakale za mtundu womwewo. Mpaka lero foni ya malemu ili pamoto m'chipinda changa, sinazimebe. Mawu ali m'foni yatsopano, inde, koma zala zawo zinagwira iyi.

Za tchaja ya bwana, anaimba mlandu mphaka wawo. Ndikudziwa kuti ndiyenera kukapepesa, koma amene ankandituma kopepesa kulibe, ndiye panopa nane ndabisala.