Tsiku Limene Dzuwa Linataya Chingwe

Chaka chatha ndinataya zinthu zitatu: dzino lakutsogolo, ulemu pamaso pa apongozi, ndi mkazi wanga Esinati. Ndikamba za ziwiri zoyambazo.

Ndimaphunzitsa Sitandade 7 kwa Mkanda, ndipo ndinkakhala chikamwini kwawo kwa Esinati. Oyendera sukulu ankabwera Lolemba kudzaona phunziro langa la mapulaneti, koma ana anali atandigonjetsa kale ndi funso: ngati dziko limathamanga kuzungulira dzuwa, bwanji silithawa? Loweruka ndinaganiza zoyeserera yankho pabwalo.

Ndinamasula chingwe cha mbuzi n'kudzimanga m'chiuno. Nsonga inayo ndinapatsa Esinati.

"Iwe ndiwe dzuwa, ine dziko. Chingwechi ndi mphamvu imene dzuwa limakokera mapulaneti. Usachitaye."

"Zaka zonse zija ku koleji, aphunzitsi, kumaliza kwake kulanda mbuzi udindo?"

Ndinayamba kuthamanga momuzungulira. Zinkayenda bwino mpaka ndinamuuza (pakamwa panga sipamva) kuti pulaneti yoyandikira dzuwa imathamanga kuposa zinzake. Basi, anayamba kufupikitsa chingwe.

"Mwayandikiratu. Liwiro, bambo, liwiro!"

Ndinapita nalo liwiro. Patapata wina anauluka, nkhuku zinabalalika, mbuzi ikundiyang'ana ngati ikufuna chingwe chake. Esinati anaseka mpaka kugwira m'mimba ndi manja onse awiri.

Onse awiri, ndikutero.

Buku limanenadi zoona: pulaneti ikatayidwa sizunguliranso, imangowongoka. Ine ndinawongokera kuseri kwa nkhokwe, kumene apongozi ankathothola mtedza. Zaka zitatu ndinkapatuka m'njira ndikawaona patali, osawayang'ana n'kumaso komwe. Tsikulo ndinagwera pamiyendo pawo, dzino n'kutsala pamtondo.

Iwo anadzifunditsa chitenje kumutu, mapewa akugwedezeka, n'kufunsa mwana wawo (ine sakanandilankhula): "Alendowa achokera kuti?"

"Kumwamba, amayi."

Lolemba ndinabwereza phunzirolo ndi mpira wa mapepala womanga kuchingwe. Mawu ankatuluka ndi kamluzu pagweru, koma oyendera anakhutira. Mukuganiza kuti ndinasiya kuzungulira? Ayi ndithu.

Patatha miyezi isanu, Esinati anagonekedwa kuchipatala cha paboma. Ndinkalephera kukhala pansi. Ndinkangoyenda, kumutu kwa bedi, kumiyendo, kumutunso. Anatsegula maso, nanditambasulira dzanja.

"Bambo dziko, mukundipatsa chizungulire. Khalani apa, ndakugwirani."